Mawu a Kuseri kwa Mpanda

"Kalaputopu kameneka, abale anga, n'kokongola, tisanamizane."

Sajeni Dyna Gwaza anakweza mawu a kawailesi kamene kanali pa tebulo lake. Kaseti imene inkaliramo anali ataibwereka ku Liwu la Chigwa, nyumba youlutsira mawu ya pa Nyakamba pomwepo, ndipo munali pulogalamu ya Loweruka lapitalo, imene Elvis Kaitano ankauzamo anthu za makompyuta ongofika kumene ndi zipangizo zake. Mwini mawuwo anali m'chitolokosi kuseri kwa ofesiyo. Anamutsekera ndi Dyna yemweyo, Lachitatu, pomuganizira kuti waba kalaputopu kamene ankakanenako.

"Kukula kwake ngati buku la nyimbo la ku tchalitchi," mawuwo anapitiriza. "Mukhoza kukaponya m'chikwama, n'kukwera kabaza mpaka kwa Mbenje osamva kuti mwanyamula kanthu. Sikirini yake njowala, ngakhale pa khonde masana mumaona bwinobwino. Kiyibodi njopanikizana, ife a zala za khasu tizidinda zilembo ziwiri nthawi imodzi, koma munthu amazolowera. Zabwino zathera pomwepa. Pa bokosi alemba kuti batire imakhala maola asanu. Ine ndidathira tiyi, ndipo mukudziwa kuti kuno ku chigwa tiyi sazizira msanga, koma kadayamba kuzizira ndi kalaputopu. Alembanso kuti ramu, ija imathandiza kompyuta kuganiza mwachangu, ndi ya gigabayiti imodzi. Mukakafunsa kameneko kakuvomera, koma kompyuta nayo imaphunzitsidwa bodza. Nanga bwanji kakuyenda ngati ngolo ya ku Chapananga ng'ombe zitatopa? A Edmund Fanizo, amene atibwereka makinawa, akuti ngatsopano, ochokera ku Joni. Ine sindikutsutsa. Koma Loweruka likudzali ndidzakatsegula m'mimba pompano, inu mukumva, tidzaone kuti muli chiyani."

Dyna anazimitsa wailesiyo. Kalaputopu kanasowa Lachitatu masana m'chipinda choulutsira mawu, ndipo lero linali Lachisanu, Loweruka lija lili mawa. Munthu amene walonjeza chigwa chonse kuti adzang'amba chinthu pa wailesi, angachibe bwanji tsikulo lisanafike? Funsoli linayenera kumubwerera Lachitatu, koma Lachitatu anali ndi changu. Anali asanathe mwezi chisamukireni kuchokera ku Dedza, kutentha kwa kuno kunkamupweteketsa mutu, ndipo ankafuna anzake a pa polisipo aone kuti sanabwere kudzadya nsomba za mu Shire. Bwana wake anamuyamikira pamaso pa onse, nati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tsopano Dyna ankaopa kuti kalumo kake kameta mutu wolakwika.

Bwanayo anasuzumira pakhomo. "Gwaza, mapepala a mbala yako ya makompyuta akonzeka? Galimoto ya ku boma ifika dzuwa likapendeka."

"Ndikufuna kufunsanso anthu angapo, Bwana."

"Funsa, koma galimoto sidikira. Mmene mafuta avutiramu, ikabwerera yopanda iye sitidziwa kuti idzabweranso liti."

Dyna ankadziwa tanthauzo lake. Munthu akakwera galimoto imeneyo Lachisanu n'kukalowa ku rimandi, amene amakumbuka dzina lake ndi nsikidzi zokha.

* * *

Elvis anali atakhala pa simenti, msana ku khoma, malaya atawakoleka pa bondo. Anali munthu wochepa thupi, maso ake atafiira ndi kusagona, ndipo m'chitolokosimo mawu ake sanali okoma ngati a pa wailesi.

"Mwabwera kudzafunsanso kuti ndidakabisa kuti?"

"Ndabwera kudzafunsa chimene munaona mu kalaputopuko."

Elvis anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyesa ngati funsolo lili ndi mbedza.

"Lachitatu ndidapita kukayesanso batire," anatero. "A Fanizo adalamula kuti makinawo asamatuluke ku wailesi, ndiye ndimayesera konko. Nditakagwiritsa ntchito pang'ono kadatentha ngati mbaula, ndipo kabatani koyandikana ndi L kadayamba kumatuka m'mphepete. Nditayang'anitsitsa, si kabatani ayi, n'kapepala kakuda kamene adamata pamwamba. Guluu wake sadapangidwire dzuwa la kuno. Ndidakanda ndi chikhadabo, kadang'ambika pakati, ndipo pansi pake padali C wa kamchira."

"C wa kamchira?"

"Chilembo cha Chipwitikizi. Bambo anga ankachilemba potumiza mawu kwa abale ku Mutarara. Makina ochokera ku Joni sakhala nacho. Awa ngakale, adatopa kale m'maofesi a ku Beira kapena ku Tete. Wina wawapukuta, wawamata timapepala, wawalonga m'mabokosi atsopano. Ndikadatsegula, ndikukhulupirira ndikadapeza ramu yaing'ono ndi fumbi la ku Mozambiki."

"Munauzako ndani?"

"Palibe. Imeneyo idali nkhani ya Loweruka. Munthu wa pa wailesi saulula nkhani yake Lachitatu."

"Ngakhale ine, nditakumangani?"

"Mudandifunsa? Mudapeza masikuludiraiva m'chikwama changa, mudati umboni ndi umenewu. Mmisiri aziyenda ndi chiyani, masupuni?"

Dyna akanakonda kumukalipira, koma panalibe pogwira.

"Chidutswa chimene munang'ambacho munachitaya kuti?"

"Ndidachimata kumbuyo kwa foni yanga. Kalaputopu ndidakasiya pa tebulo kakutchaja, ndidatsanzika Saulos woyendetsa makina a ku wailesi, ndidatuluka. Foniyo muli nayo ndinu."

Dyna anapita ku kabati yosungira katundu wa anthu omangidwa, natulutsa envulopu ya Elvis. Munali lamba, makiyi ndi foni yakale yothetheka pa ngodya. Anaitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kachidutswa kakuda, kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, kong'ambika mokhotakhota mbali imodzi.

Pa chimenechi Elvis sananame. Ndiye kuti amene ananama anali panja, akuyenda ndi lamba wake m'chiuno.

* * *

Saulos, amene ankayendetsa makina a ku Liwu la Chigwa ndi kusunga makiyi, ankayankhula ngati nthawi zonse pali maikolofoni patsogolo pake.

"Madamu, monga ndidanenera mu sitetimenti yanga, m'bale wathu Elvis adafika chakumasana, adakhala ndi makinawo, kenaka adatuluka chikwama chili pa phewa. Ine polowa, pa tebulo padali poyera. Zomvetsa chisoni, madamu. Luso lotayika."

"Munamuona akuika kalaputopu m'chikwamamo?"

"Kuona kwenikweni, ayi. Koma taganizani. Pulogalamu ya Elvis amalipirira ndi a Fanizo, ndipo atamva zija za Loweruka adati asiya kutithandiza. Munthu akadziwa kuti ntchito ikutha, amatola chimene chili pafupi."

"A Fanizo akasiya, amene ntchito ingamuthere ndi Elvis yekha?"

Saulos anaseka kaseko kopanda mano. "Tonse tili m'manja mwa Mulungu, madamu."

Dyna anayendayenda m'chipindamo. Chinali chaching'ono, makoma ake atakhomedwa mathireyi a mazira kuti phokoso la panja lisalowe, ndipo mpweya wake unali ngati wa mu uvuni. Anagwada n'kuyang'ana pansi pa tebulo. Pa soketi panali chaja, chingwe chake chitagwera pansi.

"Ichi n'cha chiyani?"

"N'cha kalaputopu kaja. Adachiiwala ndi changu."

Munthu amene anauza chigwa chonse kuti batire ya makinawo imatha tiyi asanazizire, ndiye abe makinawo n'kusiya chaja? Wosiya chaja ndi amene sadziwa makompyuta, kapena amene ali ndi machaja ena kwawo. Dyna anakankha windo la kumbuyo, natulutsa mkono, ndipo zala zake zinakhudza pamwamba pa mpanda wa bango popanda kudzitambasula. Fungo la nyama yokazinga linalowa m'chipindamo.

"Kuseri kwa mpandawu n'kwa ndani?"

"Ndi... ndi resitiranti ya mai Filomena."

Maikolofoni ija inali itachoka pa mawu a Saulos. Dyna anaimirira nganganga. Khomo la resitirantiyo linayang'ana ku msika, la wailesi linayang'ana ku msewu, ndipo iye, mlendo, sankadziwa kuti nyumba ziwirizi zinapatsana misana. Koma dzinalo ankalidziwa. Lachitatu atafunsa a Fanizo kumene anali pamene katundu wawo ankasowa, anayankha kuti ankadya kwa mai Filomena.

* * *

Mai Filomena sanadikire kuti funso lithe.

"A Fanizo? Adabwera, ee, adabwera. Munthu amene chaka chonse amadutsa pano ngati timaphika tameki, Lachitatu akuti mai Filomena, mpunga wa nyama ya mbuzi. Ndikuti khalani muno muli fani, akuti ayi, ndiikireni tebulo kuseri. Kuseri, Bwana, kumene timatayira madzi otsukira mbale, ntchentche zake zochita kukulonjera. Ndidanyamula tebulo ndekha, ndi msana wangawu. Ndiye mumve chimene chidandiwawa: mbale idabwerera momwe idapitira. Ngakhale kulawa msuzi. Mbuzi yonona ya ku Chapananga, ndaiphika kuyambira m'mawa."

"Sanadye?"

"Adadya ndi agalu anga."

"Munawaona akuchoka?"

"Ndiwaone bwanji, poti adadzera kanjira ka kuseri? Ndidangopeza mpando uli wokha. Inu apolisi mudamanga mwana wosalakwa, ndikuuzeni pamaso. Elvis uja adakwatira Rosa, mwana wa mchimwene wanga, ndipo chikwatireni sadabweretsepo ngakhale machesi a eni."

Mtima wa Dyna, umene unali utayamba kukwera, unatsikanso. Azakhali a mkazi wa womangidwa. Bwana wake akanangomva zimenezo, akanaseka n'kumuuza kuti akafunsenso apongozi ndi ankhoswe. Pamene mboni imene inaikira kumbuyo a Fanizo Lachitatu inalibe mbali.

Mboniyo inali a Lorenso, mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa nimu, pamene mpanda wa bango uja unkathera. Dyna anawapeza akumiza chubu m'beseni la madzi, akuyang'ana pamene pangatuluke thovu. Chichewa chawo chinkatsamira ku Chisena, ndipo mawu ankawatulutsa amodziamodzi ngati akuwagula.

"Ande, Bwana, ndidamva. Maso nkhabe, mpanda udanditchinga. Koma makutu alipo. Mawu a Fanizo ndimawadziwa, njinga yake ya moto ndimapopa ndine."

"Bwerezaninso zimene anatero."

"Adati, 'Takhuta. Takhuta kakamwe.' Motsitsa, ngati ali m'tchalitchi."

"Mukutsimikiza kuti anati takhuta?"

"Kawiri."

Anamizanso chubu chawo. Kwa iwo nkhani inali itatha, ndipo Dyna sanaone china chofunsa. Lachitatu anali atalemba ndi dzanja lake kuti mboni inamva a Fanizo akunena kuti akhuta. Wokhuta ndi amene wadya, ndipo munthu amene akulimbana ndi nyama ya mbuzi sakhala ndi manja obera. Tsopano wina akuti mbale sinakhudzidwe, wina akuti anamva mwini mbaleyo akulengeza kuti wakhuta. Mmodzi mwa awiriwa ankanama, ndipo amene anali ndi chifukwa chonamira anali mai Filomena.

Dyna anapukuta thukuta m'khosi. Mantha anamugwira, mantha enieni, oti mwina akudziwa choonadi koma alibe chochigwirira. Akuganiza choncho, ku msewu kunamveka kulira kwa injini yolemera. Anatembenuka. Galimoto ya ku boma, ya mawaya kumbuyo, inadutsa ikufukiza fumbi kulowera ku polisi. Dzuwa linali likadali pamutu.

* * *

Anafika ku polisi akupuma mwa wefuwefu. Dalaivala anali atazimitsa galimoto n'kupita kukamwa madzi, ndipo bwana wamkulu anali mu ofesi yake akusainira mapepala. Pa khonde panali mayi wachitsikana woyembekezera, atanyamula kontena yokulunga m'chitenje, akuchonderera wapolisi wa pa kauntala. Dyna anali atamuona pomwepo dzulo ndi dzana, koma ankangomudutsa. Anali Rosa, mkazi wa Elvis.

"Bwana," Rosa anatembenukira kwa iye, "ndiloleni ndimupatse adye asanakwere. Ine chimugwirireni chakudya sichikulowa, koma iyeyo adye. Kumene akupitako sindikudziwa kuti akadya liti."

Dyna sanathe kumuyang'ana m'maso. Anauza wa pa kauntala kuti amulole.

Rosa anapinda bondo pang'ono, kontena ili m'manja. "Takhuta, Bwana. Takhuta kakamwe."

Dyna anali atayamba kale kulowa. Anaima phazi lili m'mwamba.

"Mwati chiyani?"

"Ndati takhuta, Bwana."

"Mwakhuta chiyani, poti mwangonena kumene kuti simukudya?"

Rosa anadabwa, ndipo ngakhale anali ndi misozi m'maso, kamwa lake linafuna kuseka. "Ayi, Bwana, si za chakudya. N'Chisena. Ndikuthokoza. Munthu akakupatsa kanthu, kapena akakuchitira chabwino, umati takhuta."

"Nanga kakamwe?"

"Kwambiri."

Safunsa anadya phula. Mawu amenewa Dyna anali atawamva chifikireni, ku msika polipira tomato, kwa a kabaza potsika njinga, ndipo mumtima ankaseka kuti anthu a ku chigwa amakonda kulengeza za mimba zawo. Sanafunsepo ndi tsiku limodzi lomwe. Manyazi anamuotcha kuposa dzuwa.

Mai Filomena sananame, a Lorenso sananamenso. Edmund Fanizo sanadye kanthu. Anakhala yekha pa tebulo, kuseri, mkono umodzi kuchokera pa windo la ku wailesi, ndipo anathokoza munthu motsitsa mawu. Munthu sathokoza mpanda.

Koma mawu amodzi a Chisena sakanaimitsa galimoto ya boma. Pankafunika kalaputopu kenikeniko. Dyna anadikira mpaka Rosa atapereka kontena ija, ndipo wa pa kauntala atakhomanso loko n'kukoleka kiyi pa msomali, iye anaichotsa n'kuiponya m'thumba la siketi yake. Ankadziwa kuti akabwerako chimanjamanja, kiyi imeneyo idzatseka ntchito yake. Anatenga foni ya Elvis, nakodola wapolisi mmodzi, natulukira khomo la kumbuyo.

* * *

Pa sitolo ya a Fanizo panali pikapu, ndipo kumbuyo kwake mabokosi a timalaputopu anali atasanjidwa kale, akungodikira chingwe. Mwini wake anali munthu wojintcha, wa malaya oyera osakhwinyata ngakhale kunkatentha chotero, ndipo ankayankhula mofewa ngati mkulu wa mpingo akulangiza banja.

"A Sajeni, mwatipeza tili pa ulendo. Aphunzitsi a ku Chapananga adasonkherana kugula timakinati, akutidikira. Sabata yamawa tili kwa Mlolo. Chitukuko, mayi anga. Mwana uja mwamutumiza?"

"Ndikufuna kuona m'mabokosimu."

"Chifukwa?"

"Ndikufufuza katundu wanu wobedwa, a Fanizo. Munadzadandaula nokha. Ndione mmene anzake amaonekera, kuti ndikakapeza ndikazindikire."

Anthu anali atayamba kuima m'mbali mwa msewu, monga amachitira akaona yunifolomu. A Fanizo anawayang'ana, namwetulira, natambasula dzanja. "Onani, mayi anga. Ife sitibisa kanthu."

Dyna anakwera m'pikapumo. Anatsegula bokosi loyamba, natukula chivundikiro cha kalaputopu, nayang'ana kabatani koyandikana ndi L. Kapepala kanalipo, kathunthu, komatidwa mwaluso moti wosadziwa sakanaona. Anatsegula lina, chimodzimodzi. Linanso, chimodzimodzi. Chitsulo cha pikapu chinkamuotcha mawondo, thukuta likugwera pa masikirini. M'thumba mwake foni yake inayamba kulira, ndipo sanafunike kuyang'ana kuti adziwe woimba. Inalira mpaka kutopa, n'kuyambiranso.

Anatseka bokosi lomaliza. Onse anali ndi timapepala tathunthu. Mwina kalaputopu kosowako a Fanizo anali atakaponya kale mu Shire. Munthu wochenjera akanatero.

"Mwakhutira, a Sajeni?" a Fanizo anafunsa mokoma. "Foni yanu ikulira."

Dyna anatsika. Akudutsa pa windo la kutsogolo, anaona jekete itayalidwa pa mpando wa apaulendo. Jekete, mwezi wa Okutobala, ku chigwa. Pansi pake panatulukira ngodya ya katoni.

"Ilo?"

"Limenelo ndi la a hedimasitala. Mphatso chabe, silili pa malonda."

"Tsegulani chitseko."

"Mayi anga, tachedwa kale."

"Tsegulani, kapena atsegule mnzangayu."

Umbombo ndi umene umagwiritsa anthu ochenjera. Kuponya m'madzi chinthu chimene chikhoza kugulira mtima wa hedimasitala, a Fanizo sakanatha. Dyna anaika bokosilo pa boneti, natulutsa kalaputopu, nakatsegula. Pafupi ndi L panali theka la kapepala kakuda, ndipo pamene panang'ambikapo pankasuzumira kamchira koyera kopindika.

Anatulutsa foni ya Elvis, namatula kachidutswa kaja ndi nsonga ya pini ya m'tsitsi, nakaika pa kabatanipo pang'onopang'ono, atagwira mpweya. Kukhota kwa mbali iyi kunalowa m'kukhota kwa mbali inayo, osasiya mpata. C wa kamchira anabisikanso.

Anthu aja anali atayandikira. A Fanizo anatulutsa kampango n'kupukuta pamphumi.

"Chabwino, kapezeka," anatero, mawu akadali ofewa koma akuthamanga. "Katundu ndi wanga. Kodi munthu amaba chake?"

"Chanu simunabe. Koma munabwera ku polisi n'kunena kuti chabedwa, munthu wagona pa simenti chifukwa cha inu, ndipo aphunzitsi mukuwapititsira makina otopa a ku Beira m'mabokosi a ku Joni. Munkaopa sikuludiraiva ya Loweruka." Dyna anayandikira, natsitsa mawu. "Lachitatu, kuseri kwa mai Filomena, mbale yanu simunaikhudze. Munkathokoza ndani pa mpanda paja?"

A Fanizo anayang'ana anthu, anayang'ana mabokosi, kenaka anakhala pa sitepe ya pikapu.

"Saulos adati palibe amene angaone," anatero.

"Sananame. Palibe anaona."

* * *

Pobwerera ku polisi anapeza galimoto ya ku boma italiza kale injini, dalaivala akuimba hutala, ndipo wapolisi wina akubwera ndi hamala kuti aphwanye loko. Bwana wamkulu anali pa khonde, nkhope itachita mdima. Dyna sanadziteteze. Anaika kalaputopu m'manja mwa bwanayo, naloza a Fanizo amene ankatsika pikapu ali ndi unyolo, nafotokoza mwachidule. Bwanayo anayang'ana kabatani kaja nthawi yaitali, kenaka anatuma anthu awiri kukatenga Saulos.

"Za kiyi tikambirana Lolemba," anatero. "Katsegule."

Elvis anatuluka akuphethira ndi kuwala. Anavala lamba wake mosafulumira, nalandira foni, naitembenuza, naona kuti kumbuyo kwake kulibe kanthu.

"Kachidutswa kaja kali kuti?"

"Ndi umboni tsopano," Dyna anatero. "Koma kalaputopu kaja mawa ndibwera nako ndekha ku wailesi. Mudzakatsegule ine ndili pomwepo, aphunzitsi a ku Chapananga ndi a kwa Mlolo adzamve."

"Makina aku wailesi adzayendetsa ndani, poti Saulos mukumutenga?"

"Zimenezo mudziwa ndinu amisiri."

Elvis sanaseke. Rosa anali atamugwira mkono ndi manja onse awiri, ngati akuopa kuti galimoto ija ikhoza kusintha maganizo. Anamugwedeza pang'ono.

"Athokozeni a Sajeni. Athamanga dzuwa lonseli chifukwa cha inu."

Elvis anayang'ana Dyna. M'maso mwake munalibe chidani, munali kutopa basi.

"Rosa, takhuta timanena kwa munthu amene watipatsa kanthu," anatero. "A Sajeni angondibwezera chimene adandilanda."

Anatola kontena ya chakudya ija, imene anali asanaitsegule n'komwe, ndipo awiriwo anatsika masitepe n'kulowera ku msika, mkazi akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha pathupi, mwamuna akumudikira.

Mawuwo anamulasa Dyna, ndipo anamulasa kwambiri chifukwa anali oona. Analowa mu ofesi, natulutsa sitetimenti ya a Lorenso, nakhwatcha pamene analemba kuti a Fanizo akhuta. Cholembera chinali chitatsala pang'ono kulemba mawu ena pamwamba pake pamene anachibweza. Anapinda pepalalo, navala chipewa, natulukanso pa dzuwa kupita pansi pa mtengo wa nimu, kukafunsa eni ake kuti alembepo chiyani.